Msana wouma m'mawa: miyezo ya madokotala ndi zomwe timakhulupirira

Msuweni wanga anayamba kudandaula msana ali ndi zaka 23. Sanagwe pa njinga, sananyamule thumba la feteleza mosayenera. Ululu unangobwera mwakachetechete m'munsi mwa chiuno, sabata ino ku thako lamanja, sabata inayo ku lamanzere. Chomwe chinkatidabwitsa pakhomo ndi nthawi yake. Munthu wotopa ndi khasu amapeza bwino akagona, koma iyeyu kugona n'kumene kunkamuputa. Cha m'ma 3 koloko usiku tinkamva chitseko chikutseguka, iye akuzungulira pabwalo manja ali m'chiuno. Kukacha ankavala nsapato atakhala pampando, mwendo atausanjika pa bondo, chifukwa kuwerama sikunkatheka mpaka dzuwa litakwera. Akapalasa njinga kupita kumsika, thupi linkamasuka. Ena pamudzi ankati ndi ulesi wa m'mawa, ena ankati waponda mankhwala, ndipo mphini zomwe anatemedwa m'chiuno zikadalipo mpaka lero.

Panapita zaka dokotala wina asanatchule dzina la matendawa: axial spondyloarthritis, nyamakazi yotupitsa ya msana, imene ikakula imatchedwa ankylosing spondylitis. Nditayamba kuwerenga za matendawa ndinapeza kuti akatswiri ali ndi miyezo ingapo yosankhira amene ali nawo, ndipo miyezoyo sigwirizana nthawi zonse. Munthu mmodzi yemweyo, muyezo wina umamuwerenga, wina umamusiya kunja. Zambiri zimene odwala, ife abale awo, ngakhale ena ovala zoyera timakhulupirira pa nkhaniyi zimachokera ku kusadziwa kuti miyezoyi inapangidwira chiyani.

"Msana ndi matenda a ukalamba ndi ntchito yolemetsa"

Misana yambiri yopweteka imachokeradi kumeneko. Koma nyamakazi iyi imagwira anyamata ndi atsikana, kawirikawiri a zaka za m'ma 20, ndipo n'chapatali kuti iyambe munthu atadutsa zaka 45. Imayambira pamene fupa la kumunsi kwa msana limakumana ndi mafupa a chiuno, malo awiri amene madokotala amawatcha sacroiliac. Kumeneko kumatupa mkati, osati chifukwa cha kuvulala, koma chifukwa chitetezo cha m'thupi chasokonekera n'kuyamba kuvutitsa thupi lomwelo.

Mu 1977 Andrei Calin ndi anzake analemba mafunso asanu osiyanitsa ululu umenewu ndi wa ntchito: kodi unayamba munthu asanakwane zaka 40, unabwera pang'onopang'ono, watha miyezi 3, msana umauma m'mawa, ndipo umamasuka munthu akamayendayenda? Mayankho anayi a "inde" ankakwanira. Mndandanda wina wa mafunso, wa 2009, unabweretsa mafunso awiri amene akanamutchula msuweni wanga ndendende: kupuma sikuthandiza, ndipo ululu wa usiku umachepa munthu akadzuka. Mafunso amenewa safuna makina. Amafuna mphindi zochepa ndi khutu.

"X-ray ikapanda kuonetsa kanthu, ndiye kuti msana uli bwino"

Chikhulupiriro ichi chili ndi mizu, ndipo mizu yake ili m'mabuku a madokotala momwemo. Matendawa anadziwika koyamba pa mafupa. M'zaka za m'ma 1690 dokotala wa ku Ireland, Bernard Connor, anafotokoza za mafupa a munthu wakufa amene msana, nthiti ndi chiuno zinali zitamatirirana ngati fupa limodzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Vladimir Bekhterev ku Russia, Adolf Strümpell ku Germany ndi Pierre Marie ku France anafotokoza odwala amoyo a misana youma gwaa. X-ray itabwera inaonetsa chithunzi chimene aliyense wophunzira udokotala amachikumbukira: mafupa a msana atalumikizana ndi timilatho ta fupa latsopano, msana wonse ukuoneka ngati nsungwi ndi mfundo zake.

Miyezo yoyamba inamangidwa pa chithunzi cha fupa lowonongeka. Unayamba wa ku Rome mu 1961, kenako wa ku New York mu 1966, umene Sjef van der Linden ndi anzake a ku Netherlands anaukonzanso mu 1984. Muyezo wa 1984 ndi wosavuta kuunena. Munthu akhale ndi chimodzi mwa zitatu: msana wopweteka ndi wouma kopitirira miyezi 3 umene umamasuka poyendayenda koma osati popuma, msana wokanika kupindika kutsogolo ndi m'mbali, kapena chifuwa chokanika kufutukuka bwino popuma. Pamwamba pa icho, X-ray ionetse kuwonongeka kwa sacroiliac. Kuwonongekako amakupatsa magiredi kuyambira 0 mpaka 4, ndipo pamafunika giredi 2 mbali zonse ziwiri, kapena giredi 3 kapena 4 mbali imodzi. Popanda chithunzicho, chitseko n'chotseka.

Vuto lake n'lakuti X-ray imaona fupa, siona kutupa. Kutupa kumakhala kukudya malowo kwa zaka fupa lisanasinthe moti n'kuoneka pa filimu, monga chiswe chimene chimagwira ntchito mkati mwa mtanda wa denga pamwamba pakuonekabe bwino. Ena fupa lawo silifika posintha n'komwe, koma ululu, kuuma ndi kutopa kwawo n'chimodzimodzi ndi kwa anzawo a filimu yoipa. Kuwerenga filimu ya sacroiliac nakonso n'kovuta: akatswiri awiri amatha kuyang'ana filimu imodzi, wina n'kuti giredi 1, wina n'kuti giredi 2, ndipo pakati pa manambala awiriwo ndi pamene pali malire a "ali nawo" ndi "alibe". Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana akaphatikizidwa amaonetsa kuti odwala amadikira zaka 6 kapena 7 kuchokera pamene ululu unayamba kufikira matenda atatchulidwa dzina. Ku Britain, kumene makina sasowa, bungwe la odwala matendawa linanenapo za zaka zoposa 8. Msuweni wanga anajambulidwa kawiri m'zaka zoyambirira. Maulendo onse awiri anauzidwa kuti mafupa ali bwino, ndipo sanamunamize. Mafupa analidi bwino. Iye ndiye sanali bwino.

"Muyezo watsopano ndi umene uli wabwino, akale n'ngotayidwa"

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa kuika miyezoyi pambali pa inzake kumaphunzitsa zambiri.

Mu 1990 Bernard Amor wa ku Paris anabweretsa muyezo wowerengera mapointi. Iye anaona kuti matendawa ali ndi abale ake amene amayendera limodzi, ndipo zizindikiro zake sizikhala pa msana pokha. Ululu wa msana wa usiku kapena kuuma kwa m'mawa anaupatsa pointi 1. Ululu wosinthana matako, 2. Chidendene chopweteka pamene mtsempha umagwira fupa, 2. Chala chotupa chonse ngati soseji, 2. Diso lotupa mkati, lofiira, loopa kuwala, 2. Matenda a pakhungu a psoriasis kapena kutupa kwa matumbo kokhalitsa, 2. Kutsegula m'mimba mwezi usanathe nyamakazi isanayambe, 1. Kupeza bwino pasanathe maola 48 munthu atamwa mankhwala a gulu la bulufeni, 2. X-ray yoonetsa sacroiliac yowonongeka, 3. Mapointi 6 amakwanira. Werengani za msuweni wanga: usiku 1, matako 2, chidendene chimene chinkamuyendetsa chotsimphina nyengo ina 2, bulufeni amene ankamugoneka tulo 2. Mapointi 7, popanda filimu, popanda kutenga magazi.

Chaka chotsatira, 1991, gulu la akatswiri a ku Ulaya lotchedwa ESSG, motsogozedwa ndi Maxime Dougados, linatulutsa muyezo wofewa kuposa pamenepo. Khomo lolowera ndi ululu wa msana wa mtundu wotupa, kapena kutupa kwa mawondo ndi akakolo kosafanana mbali ziwiri. Ukalowa, chizindikiro chimodzi chokha chimakwanira: m'bale wodwala matendawa, psoriasis, kutupa kwa matumbo, ululu wosinthana matako, chidendene, ndi zina zochepa. Miyezo iwiriyi, wa Amor ndi wa ESSG, imawerenga banja lonse la matendawa, a msana ndi a miyendo omwe.

Kenako kunabwera MRI, makina amene amaona kutupa mkati mwa fupa lisanawonongeke. Mu 2009 bungwe la ASAS, ntchitoyo ikutsogozedwa ndi Martin Rudwaleit ku Berlin, linalemba muyezo umene ukugwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano. Woyezedwa akhale ndi msana wopweteka miyezi 3 kapena kuposa, umene unayamba asanakwane zaka 45. Kuchokera apo njira zili ziwiri. Yoyamba: chithunzi, cha MRI kapena X-ray, chionetse sacroiliac yodwala, kuphatikiza chizindikiro chimodzi. Yachiwiri: magazi aonetse chizindikiro chotengera kwa makolo chotchedwa HLA-B27, kuphatikiza zizindikiro ziwiri za matendawa. Anauyesa pa odwala 649, ndipo unagwira pafupifupi 83 mwa 100 alionse amene madokotala ankati ali ndi matendawa, n'kusiya kunja pafupifupi 84 mwa 100 alionse amene analibe.

Asodzi a ku Mangochi angamve msanga zimene manambalawa akunena. Ukonde wa maso aakulu umakola chambo chachikulu chokha: chimene wagwira sukayika kuti n'chambo, koma chaching'ono chonse chadutsa. Umenewo ndi muyezo wa 1984. Ukonde wa maso ang'onoang'ono suphonya zambiri, koma umabweretsanso zimene sunazifune. ESSG ili chauko. Wa ASAS unayesa kukhala pakati, koma ngakhale iwo, mwa odwala enieni 100 umaphonya 17, ndipo mwa anthu 100 amene alibe matendawa umakola 16. Palibe ukonde umene umagwira zonse zofunika zokhazokha.

Tsopano tengani muyezo wa 2009 mupite nawo pa chipatala cha boma laling'ono kwathu kuno. MRI kulibe, imapezeka m'zipatala zowerengeka za m'mizinda, ndipo ulendo ndi mtengo wake si wa aliyense. Kuyeza HLA-B27 nakonso sikuchitika paliponse, ndipo monga tione, ambiri a ife tilibe chizindikirocho. Njira yachiwiri yatsekeka, theka la njira yoyamba latsekeka. Chatsala ndi X-ray yokha. Muyezo wa 2009 wabwerera kukhala wa 1984. Pamalo oterowo mndandanda wa Amor, wakale ndi zaka pafupifupi makumi awiri, umakumbutsa dokotala mafunso othandiza kuposa watsopanowo. Sindikunena kuti wa Amor ndi wopambana. Ndikunena kuti muyezo uliwonse unadulidwa molingana ndi anthu ndi zipangizo zimene olembawo anali nazo.

"Ukakwaniritsa zonse za pa muyezo, ndiye kuti uli ndi matendawa"

Ichi ndi chikhulupiriro choopsa kwambiri, ndipo chimagwira ophunzira kuposa osaphunzira. Miyezo inayi yonseyi sinapangidwe kuti dokotala azidziwira matenda a munthu amene wakhala pampando patsogolo pake. Inapangidwa kuti ochita kafukufuku azisankha odwala ofanana. Ngati ku Berlin akuyesa mankhwala, ku Toronto akuyesanso omwewo, pamafunika kuti onse akunena za odwala a mtundu umodzi, apo ayi zotsatira zawo sizingayerekezedwe. Dongosolo lake ndi ili: dokotala amayamba wapima munthu, n'kutsimikiza ndi nzeru zake zonse kuti ali ndi matendawa, kenako muyezo umanena ngati munthuyo angalowe m'gulu la kafukufuku. Tikatembenuza dongosololi, n'kuyamba ndi kuchonga mabokosi, timalakwitsa mbali zonse ziwiri.

Muyezo sufunsa funso limene dokotala wabwino amayamba nalo: kodi pali china chimene chingafotokoze zimenezi bwino koposa? Taganizirani mayi wa zaka 28 amene msana wakhala ukumupweteka miyezi isanu chibadwire mwana wake. Wajambulidwa MRI, yaonetsa kutupa pa sacroiliac. Bulufeni amamuthandiza. Pa pepala wakwaniritsa muyezo wa 2009. Koma kafukufuku wa ku Netherlands wa 2018 anapeza kuti kutupa kofika pa tanthauzo la ASAS kunaoneka pa MRI ya pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu anayi athanzi opanda vuto la msana, ndiponso pa amayi oposa theka mwa amene msana unkawapweteka atabereka. Othamanga nawonso ena anali nako. Chiuno chimene changonyamula mwana miyezi 9 chimatupa, ndipo si nyamakazi. Kumuuza mayi ameneyu kuti ali ndi matenda a moyo wonse chifukwa mabokosi akwanira n'kumulakwira.

Kwathu kuno "china" chimene chiyenera kufunsidwa poyamba ndi TB ya msana, imene Percivall Pott anaifotokoza ku London mu 1779. Nayonso imagwira achinyamata, imapweteka usiku, imakweza zizindikiro za kutupa m'magazi, ndipo nthawi zina imagwira sacroiliac yomweyo, kawirikawiri mbali imodzi. Kusiyana kwake kuli m'zimene palibe muyezo umene unazilemba: ululu wa TB suchoka munthu akayendayenda, wodwala amatha kuwonda, kutuluka thukuta usiku, thupi kutentha, ndipo ikakula msana umatuluka kalinunda, miyendo n'kuyamba kufooka. Kusokoneza matenda awiriwa kuli ndi mtengo waukulu. Mankhwala amphamvu a nyamakazi ya msana, amene amatchedwa otsekereza TNF, amadzutsa TB yogona m'thupi, n'chifukwa chake wodwala aliyense amayenera kuyezedwa TB asanawayambe. Kuwapereka kwa munthu amene TB ikumudya msana kale kungamupundule kapena kumupha.

Mbali inayo ndi ya msuweni wanga: wodwala weniweni amene amabwezedwa chaka ndi chaka chifukwa bokosi limodzi silinachongedwe. Dokotala amene anamuthandiza sanatulutse mndandanda uliwonse. Anamufunsa za usiku, za m'mawa, za chidendene, za maso, za abale. Anamuimiritsa, n'kumuika timadontho tiwiri ta cholembera pamsana, n'kumuuza kuti, "Taweramani, achimwene, ngati mukutola ndalama," n'kuyeza ndi tepi kuti timadonthoto tatalikirana bwanji. Anamuyeza TB. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bambo ameneyu anadekha.

"Ndi matenda a azungu, magazi akapanda HLA-B27 nkhani yatha"

HLA-B27 ndi chizindikiro chimene chimakhala pamwamba pa maselo a thupi, chotengera kwa makolo. Mu 1973 magulu awiri, la Derrick Brewerton ku London ndi lina ku Los Angeles, anapeza kuti odwala ankylosing spondylitis pafupifupi 9 mwa 10 alionse mwa azungu ali nacho. Pakati pa azungu a ku Britain anthu pafupifupi 8 pa 100 alionse amabadwa nacho. Koma ambirimbiri mwa iwo sadwala moyo wawo wonse. Amene amadwala ndi ochepa pa 100. Choncho kukhala nacho si matenda.

Kusakhala nacho nakonso si chitetezo. Pakati pa anthu a kuno kum'mwera ndi pakati pa Africa chizindikirochi n'chosowa kwambiri, sichifika munthu mmodzi pa 100. Ankylosing spondylitis ndi yosowadi kuno poyerekeza ndi ku Ulaya, izi n'zoona. Koma ubale wa chizindikiro ndi matenda suyenda mofanana kulikonse. Ku Gambia, a mtundu wa Fula pafupifupi 6 pa 100 ali ndi HLA-B27, komabe matendawa n'ngosowa pakati pawo. Ku Togo ofufuza anapeza odwala amene analibe B27 koma anali ndi chizindikiro china, B14. Ndipo ku Lusaka m'zaka za m'ma 1990, Panganani Njobvu ndi Paul McGill anafotokoza kuchuluka kwa nyamakazi za m'banja lomweli, zotupitsa mawondo, akakolo ndi zidendene, pakati pa anthu amene anali ndi kachilombo ka HIV, popanda kudalira HLA-B27. Muyezo umene umatsegula chitseko ndi B27 unalembedwa poyang'ana magazi a anthu ena. Mchewa wa ku Leeds kapena ku Johannesburg amene wauzidwa kuti "magazi ali bwino" ali ndi ufulu wofunsa ngati yankho limenelo likutanthauza zofanana kwa iye ndi kwa mzungu woyandikana naye pamzere.

"Ndi matenda a amuna"

Chikhulupirirochi ndi mwana wa X-ray. Mafupa a amuna amawonongeka mooneka msanga, choncho pa muyezo wa 1984 amuna amachuluka kawiri kapena katatu. Tikawerenga odwala amene filimu yawo ikadali yoyera, amuna ndi akazi amakhala pafupifupi ofanana. Akazi amadikira nthawi yaitali asanauzidwe dzina la matenda awo, ndipo kwathu mayi wodandaula chiuno amauzidwa msanga kuti ndi uchembere, ndi mtsuko wa madzi, ndi mtolo wa nkhuni.

Dzina la matenda likapezeka, chithandizo choyamba si chodula. Ndi kulimbitsa thupi tsiku ndi tsiku, kuongola msana, kufutukula chifuwa, ndi kusiya fodya, amene amafulumizitsa kuwonongeka kwa msana. Mankhwala a gulu la bulufeni, dayikolofenaki ndi indosidi amathandiza ambiri, koma akamamwedwa nthawi yaitali amatha kuvulaza m'mimba ndi impso, makamaka kwa amene akumwanso ma ARV okhala ndi tenofovir, choncho si ogula pa golosale n'kumangomeza osauza dokotala. Diso likafiira mbali imodzi, likupweteka ndi kuopa kuwala, pamafunika kuthamangira kwa a maso tsiku lomwelo.

Msuweni wanga tsopano amadzuka 5 koloko, n'kugona chafufumimba pa mphasa mphindi khumi kuti msana usazolowere kupindika, kenako n'kudziongola atatsamira khoma la khitchini, zidendene, matako ndi mapewa zitagunda njerwa. Kumbuyo kwa mutu kumatsala zala ziwiri kuti kufike pa khomalo. Amayeza mpata umenewo kumayambiriro a mwezi uliwonse, n'kulemba pa tsamba lomaliza la kabuku kake ka kuchipatala.